Guwa lamatabwa likagwedera, kung'ambika kapena kufumbwa: poyambira kufufuza

Madandaulo a guwa lamatabwa amafanana paliponse, kaya ndi ku parishi ya Katolika, ku Anglican, kapena ku CCAP kumene amati gome la Mgonero. Mpingo wasonkha ndalama, kalipentala wakhoma, tsiku la chikondwerero guwa likunyezimira. Dzinja likapita, dzuwa la Okutobala n'kuwomba pamalata, thabwa la pamwamba lang'ambika, mwendo umodzi ukugwedera, pansi pakuoneka ufa. Komiti imaloza kalipentala, kalipentala amaloza wogulitsa matabwa.

Nthawi zambiri vuto limayamba tsiku lomwe mpingo wasankha deti lodalitsira guwa matabwa asanagulidwe. Deti likayandikira, anthu amathamangira matabwa aliwonse amene ali pamsika, ngakhale ochekedwa sabata yatha. Chachiwiri ndi kukhomerera thabwa la pamwamba mothinitsa, osalisiyira mpata woyenda. Chachitatu ndi madzi okolopera. Zinthu zitatuzi muzikumana nazo mobwerezabwereza m'munsimu. Pa chizindikiro chilichonse ndayamba ndi chifukwa chomwe chimapezeka kawirikawiri, n'kutsirizira chosowa.

## Dziwani kaye mtengo womwe muli nawo

- Mlombwa. Ukauma suyenda kwambiri, ndipo mtima wake wofiirira chiswe sichiukonda. Koma mbali yoyera ya kunja imafumbwa msanga.
- Mbawa. Matabwa ake ndi okongola, osavuta kupala, oyenera guwa ngati auma bwino.
- Malaina. Amachedwa kwambiri kuuma. Kunja amaoneka ouma m'kati muli madzi. Akaumadi savuta.
- Paini, monga wa ku Chikangawa ndi ku Zomba. Ndi wotsika mtengo koma wofewa, amayenda kwambiri ndi nyengo, ndipo chiswe chimamudya mosavuta.
- Bulugamu. Ndi wolimba, koma amakonda kung'ambika ndi kupotoka pouma. Pa thabwa la pamwamba ine sindimulangiza.

Wina akakubweretserani mkungudza wa ku Mulanje, kanani. Mtengowu uli pafupi kutheratu ndipo kuudula n'koletsedwa. Ngakhale mlombwa ndi mbawa, funsani chilolezo cha ku Dipatimenti ya Nkhalango. Guwa la Mulungu lisamangidwe ndi matabwa ozembetsa usiku.

## Chizindikiro 1: Thabwa la pamwamba lang'ambika, kapena polumikizira patseguka

Ili ndiye dandaulo lalikulu, ndipo kuti mulimvetse muyenera kudziwa khalidwe limodzi la mtengo. Thabwa limafufuma m'dzinja n'kuphwa m'chilimwe, ngakhale lakhala zaka makumi angapo, ngakhale lapakidwa vanishi. Limayenda m'lifupi, pomwe m'litali siliyenda n'komwe. Pamwamba pa guwa la paini potambalala 90 cm pamatha kusintha ndi 5 mm mpaka 10 mm pakati pa Febuluwale ndi Okutobala. Mlombwa umayenda pang'ono kuposa apa, koma nawo umayenda. Mukalikaniza kuyenda, thabwa limang'ambika kuti lipeze mpata.

1. Matabwa anali aawisi. Mng'alu umaoneka m'chaka choyamba, ndipo mizere yolumikizira imatseguka ingapo nthawi imodzi, kuyambira kumapeto. Yang'anani pomwe vanishi wathera m'mbali mwa zolumikizira: mukaona kamzere ka mtengo wosapakidwa, thabwa laphwa guwa litapangidwa kale.

Chochita: musathamangire kutseka. Dikirani mpaka kumapeto kwa chilimwe, pomwe mng'alu wafika potseguka kwambiri. Lembani ndi pensulo pomwe wathera, muzikaonapo sabata ndi sabata. Ukasiya kukula, kalipentala achotse thabwa lonse la pamwamba, acheke motsata mzere wotsegukawo, apale m'mbali ndi pulena mpaka matabwa atagwirana popanda kuwala kudutsa, kenako amatenso ndi guluu n'kumanga makilampu.

2. Thabwa linakhomereredwa mothinitsa ku mitanda, ndiye kuti matabwa a kunsi olumikiza miyendo. Gwadani muyang'ane kunsi. Ngati mukuona misomali kapena masikuluu m'mbali zonse zinayi, kapena guluu wotuluka pakati pa thabwa ndi mtanda wopingasa, chifukwa mwachipeza. Mtanda wopingasa sufupika, thabwa likuphwa, ndiye pakati pamang'ambika.

Chochita: thabwa ligwidwe molimba pamzere wapakati pokha. Kwina konseko mabowo a masikuluu m'mitanda akhale ataliatali mopingasa, kuti sikuluu iziyenda pamodzi ndi thabwa. Njira ina yabwino ndi tizidutswa tamtengo tokhala ndi kalilime kolowa m'ngalande ya mtanda: kachidutswako kamamangidwa ku thabwa ndi sikuluu imodzi, kalilime n'kumatsetsereka m'ngalandemo. Guluu pakati pa thabwa la pamwamba ndi mitanda asapakidwe konse.

3. Anamata thabwa lopingasa kumapeto, kapena felemu yozungulira. Akalipentala ambiri amakonda kubisa mapeto a matabwa ndi kathabwa kopingasa kuti pakongole. Kakamatidwa ndi guluu m'litali mwake monse kamachita zomwe mtanda uja umachita. Felemu yozungulira thabwa lenileni nayo imatseguka m'makona dzinja likafika. Felemu yotere imayenera pulaiwudi kapena bulokubodi, zomwe siziyenda. Pa matabwa enieni, kathabwa kakumapeto kamatidwe pakati pokha, kwinako kagwidwe ndi zikhomo zamtengo m'mabowo ataliatali.

4. Thabwa lili ndi phata la mtengo pakati. Yang'anani kumapeto kwa thabwa. Mukaona mizere yozungulira ikukumana pa kadontho m'kati mwa thabwalo, limenelo ling'ambikabe ngakhale mulimate kangati. Chekani, mutaye kachigawo ka pakatiko.

5. Dzuwa la pazenera kapena kutentha kwa malata. Guwa lomwe limawombedwa ndi dzuwa ola lomwelomwelo tsiku lililonse limauma mbali imodzi. Ikani katani, ndipo guwa lizikhala lofunditsidwa nsalu yokhuthala m'kati mwa sabata.

Pali zinthu ziwiri zomwe ndimapempha anthu kuti asiye. Choyamba ndi kuthira utuchi wosakaniza ndi guluu mu mng'alu waukulu. Dzinja likabwera thabwa limafufuma, n'kupeza mpata wake watsekedwa ndi chinthu cholimba, mng'alu n'kupitirira kutsogolo. Chachiwiri ndi kukhoma chitsulo chopingasa kunsi kuti chigwire mng'alu. Mwangowonjezera chinthu china chokaniza thabwa kuyenda, ndipo mng'alu wina utseguka pambali.

Kwa amene mukukonzekera guwa latsopano: sanjani matabwa pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, timitengo tofanana tili pakati pa thabwa ndi thabwa, ndipo mapeto ake muwapake penti. Ngati mulibe kachipangizo koyezera chinyezi, sankhani thabwa limodzi, muziliyeza pa sikelo sabata iliyonse n'kulemba. Kulemera kukasiya kutsika kwa masabata atatu kapena anayi otsatizana, lauma. Ngati kachipangizoko kalipo, musadule thabwa lomwe likuwerenga kupitirira 12 mpaka 14 peresenti. Thabwa lokhuthala 50 mm limatenga nthawi yoposa kawiri ya thabwa la 25 mm. Masabata awiri omaliza matabwa agone m'tchalitchi momwemo. Deti la chikondwerero lisankhidwe matabwa atauma.

## Chizindikiro 2: Guwa likugwedera

Kugwedera kuli mitundu iwiri, ndipo muyenera kusiyanitsa. Kwina guwa lonse limapendekera mwendo umodzi n'kubwerera. Kwina miyendo ili pansi yonse koma mukakankha pamwamba guwa limaweyeseka.

1. Pansi sipali pofanana. Simenti yosalazidwa ndi manja kawirikawiri imakhala ndi tizigwa. Nyamulani guwa, muliike pamalo ena pomwe mukudziwa kuti pansi pali pofanana. Ngati lasiya kugwedera, vuto ndi simenti. Ngati likugwederabe, vuto ndi guwa.

Chochita: kathabwa kopyapyala ka mtengo wolimba kapena labala yolimba, yomangidwa kunsi kwa mwendo. Katoni ndi mapepala opinda zimamwa madzi n'kuoletsa mwendo. Musayambe ndi kudula miyendo ina itatu.

2. Zolumikizira ndi za misomali yokha. Mtanda wongogunditsidwa ku mwendo n'kukhomedwa misomali umamasuka m'miyezi yochepa. Mnzanu akankhe pamwamba pang'onopang'ono, inu muike chala polumikizira. Pomwe pakuyenda mumva.

Chochita: kokonza kwenikweni ndi motisi ndi tenoni, pomwe lilime la mtanda limalowa m'bowo la mwendo n'kukhomedwa chikhomo chamtengo. Ngati ndalama sizilola kuphwasula, ikani zidutswa zamtengo wolimba m'makona anayi kunsi, zodulidwa mopendeka, zomangidwa ndi masikuluu ku mitanda yonse iwiri.

3. Kukokedwa pansi. Pa Khirisimasi, pa ukwati, pa tsiku lokolopa, achinyamata amakoka guwa m'malo molinyamula. Mwendo umakodwa pa simenti, mphamvu yonse n'kuthera polumikizira. Guwa losunthika lizinyamulidwa ndi anthu anayi, atagwira mitanda, osati m'mphepete mwa thabwa la pamwamba.

4. Lilime linaphwa m'bowo. Awanso ndi matabwa aawisi. Kufinyira guluu watsopano pamwamba pa wakale sikuthandiza, chifukwa guluu woyera amagwira mtengo, sagwira guluu mnzake wouma. Tulutsani lilime, palani guluu yense wakale, matani kachipepala ka mtengo pa lilimelo kuti lilowe mothina, ndiye mumatenso. Musanamange makilampu komaliza, yezani kuchokera ngodya ina kufika ngodya yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikafanana, guwa lili sikweya. Lisagwiritsidwe ntchito mpaka maola 24 atadutsa.

5. Guwa ndi lalitali koma lilibe chogwira m'munsi. Miyendo ya 95 cm yopanda mtanda wa m'munsi kapena thabwa lotchinga kutsogolo imaweyeseka ngakhale zolumikizira zili bwino. Onjezani mtanda chapansi.

## Chizindikiro 3: Pamwamba papindika, chikho sichikukhazikika

Gonekani levulo yaitali kapena thabwa lowongoka mopingasa, kenako m'litali, muone pomwe kuwala kukudutsa.

Ngati papindika mopingasa, m'mphepete mutakwera kapena kutsika:

1. Vanishi anapakidwa pamwamba pokha. Kunsi kumamwa chinyezi ndi kuuma msanga kuposa pamwamba. Pitsani dzanja kunsi: ngati kuli mtengo wosapakidwa, ndi chimenecho. Chotsani thabwa, muliimike podutsa mphepo mbali zonse kwa masabata awiri. Likabwerera, pakani kunsi kambirimbiri mofanana ndi pamwamba, osaiwala mapeto.
2. Matabwa ndi otambalala kwambiri. Thabwa limodzi la 30 cm limapindika kuposa awiri a 15 cm. Kuli bwino kulicheka pakati n'kumatanso.
3. Simenti ya pansi ndi yatsopano kapena yonyowa. Nsanja ya simenti imatulutsa chinyezi kwa miyezi. Tsekerani pepala la pulasitiki pansipo ndi tepi usiku umodzi. Mukapeza madontho kunsi kwake m'mawa, pansipo sipanaume.

Ngati pabwama m'litali, pakati patatsika:

1. Mitanda ndi yochepa. Guwa lotalika 180 cm kupita m'mwamba limafuna mitanda yoimirira ya 10 cm mpaka 15 cm, ndi mtanda wina wopingasa pakati.
2. Katundu wolemera wakhalitsa pakati, monga mwala wa guwa kapena miphika yamaluwa yodzaza dothi.

Kupala pamwamba ndi pulena chifukwa chenicheni chisanachotsedwe ndi kutaya thabwa. Nyengo ikasintha lipindikira kwina, ndipo likhala litapyapyala.

## Chizindikiro 4: Ufa pansi, timabowo, kapena dothi pa miyendo

1. Kufumbwa. Timabowo tozungulira ta 1 mm mpaka 2 mm, ndi ufa wosalala wotuwa. Yang'anani bwino ndipo mupeza kuti tili m'mbali yoyera ya mlombwa kapena mbawa, pomwe mtima wofiira uli bwinobwino. Mphutsi zimadya m'kati, timabowo ndi potulukira tizilombo tikakula.

Kuti mudziwe ngati tidakalimo: sesani, zungulizani mabowo omwe alipo ndi pensulo, yalani nsalu yakuda pansi. Pakatha masabata awiri onani ngati pali ufa watsopano kapena bowo losazungulizidwa.

Chochita: ngati ndi kachigawo kochepa, chotsani mbali yoyerayo muikepo ya mtima. Mankhwala a matabwa, monga a borakisi, amalowa pa mtengo wosapakidwa pokha, choncho kuwapaka pamwamba pa vanishi n'kungowataya. Pakani kunsi ndi m'kati, ndipo m'timabowo lowetsani ndi jekeseni.

2. Chiswe. Mizere ya dothi yokwera mwendo kuchokera m'ming'alu ya simenti kapena pomwe simenti yakumana ndi khoma. Gogodani ndi chigwiriro cha tchizulo. Pomwe pakumveka ngati ng'oma, m'kati mwadyedwa, kwangotsala khungu la vanishi. Apa vuto lili m'nthaka ya pansi pa tchalitchi. Kukonza guwa lokha n'kulibwezera pomwepo ndi kungochipatsa chiswe matabwa atsopano.

Musachite izi:

- Musagwiritse ntchito mapiritsi ofukizira chimanga m'nkhokwe. Mpweya wake umapha anthu, ndipo tchalitchi ndi malo omwe ana amalowa nthawi iliyonse.
- Musapake oilo wakuda wa galimoto kapena mankhwala akuda opaka mitengo ya magetsi. Fungo silitha, nsalu zimathimbirira, ndipo pa tebuloli pamaikidwa chakudya cholowa m'kamwa mwa anthu.

## Chizindikiro 5: Miyendo yada kapena yaola m'munsi

Mapeto a thabwa amamwa madzi ngati bango, ndipo mwendo umaima pa mapeto ake. Amayi akakolopa Loweruka lililonse, madzi amalowa kunsi kwa mwendo, pomwe mphepo sifika, n'kukhala pomwepo mpaka Loweruka lina. Amayiwo sakulakwa. Cholakwika ndi mwendo wogunda simenti wopanda choutchinga.

1. Madzi okolopera. Miyendo yonse inayi yada mofanana, masentimita ochepa kuchokera pansi.
2. Denga lodontha kapena mvula ya pazenera. Mwendo umodzi kapena mbali imodzi yokha.
3. Chinyezi chokwera m'simenti, pomwe sanayale pulasitiki asanathire konkire.

Bayani ndi sikuludiraiva kunsi kwa mwendo. Ngati sikulowa, umitsani mwendowo, upakeni vanishi kumapetoko katatu kapena kanayi mpaka utasiya kumwa, ndipo muukweze ndi labala yolimba kapena pulasitiki ya 5 mm mpaka 10 mm. Ngati ikulowa mosavuta, powolapo padulidwe mpaka pa mtengo wabwino n'kulumikiza chidutswa china. Imeneyo ndi ntchito ya kalipentala wodziwa, chifukwa kulemera konse kwa guwa kumathera pomwepo. Pokolopa pafupi ndi guwa, nsanza ikhale yofinya.

## Chizindikiro 6: Vanishi akumata, nsalu ikukakamira

1. Anapakidwa mokhuthala ndiponso mothamanga. Pamwamba pamauma, m'kati muli pofewa. Dindani ndi chikhadabo pobisika. Chikasiya chizindikiro, sanaume. Chotsani nsalu zonse, tsegulani mazenera, dikirani sabata imodzi kapena ziwiri.
2. Anasungunulidwa ndi parafini kapena petulo. Vanishi wotere amatha kukhala womata mpaka kalekale. Gwiritsani chosungunulira chomwe chalembedwa pa chitini.
3. Anapakidwa pamwamba pa polishi, phula kapena mafuta. Amasenda kapena kuchita timaso. Palibe njira ina koma kupala mpaka pa mtengo, kupukuta ndi tapentaini, n'kuyambiranso.
4. Pepala la pulasitiki loyalidwa pa vanishi. Mipingo yambiri imaliyala poteteza ku phula. Limatsekera chinyezi, ndipo lina limafewetsa vanishi. Ngati mukulifuna, pansi pake pakhale nsalu ya thonje.
5. Utomoni wa paini wotuluka pa mfundo kukatentha. Palani, pukutani ndi tapentaini, tsekani mfundozo musanapakenso.

Popakanso, pakani mopyapyala katatu, tsiku lathunthu pakati, n'kupitsa sandipepa wosalala wa nambala 240 kapena 320. Musapake tsiku la mvula. Vanishi wamafuta amauma pogwira tsiku limodzi, koma kulimba kwenikweni kumatenga masabata atatu kapena anayi, ndiye nsalu ndi zoikapo makandulo zidikire. Nsanza zonyowa ndi mafuta opaka matabwa musaziunjike m'sakristi (chipinda chosungira zipangizo za mapemphero), chifukwa zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni panja chotambasula kapena muziviike m'madzi.

## Chizindikiro 7: Madontho ndi zipsera

- Phula la kandulo. Lisiyeni liume, mulikokolole ndi khadi lapulasitiki, osati mpeni. Lotsalira yalani pepala la khaki, mupitsepo ayironi yofunda pang'ono.
- Mabwalo oyera pomwe panali mphika wa maluwa. Chinyezi chili m'vanishi mokha. Nthawi zambiri amatha ndi ayironi yofunda pamwamba pa nsalu youma ya thonje, kwa kanthawi kochepa. Malo a maluwa ndi pansi kapena pambali pa guwa.
- Mabwalo akuda. Madzi adutsa vanishi n'kufika pa mtengo, kapena akumana ndi msomali. Pafunika kupala. Mankhwala oyeretsera madontho otere ndi apoizoni, asiyireni odziwa.
- Zitosi ndi mkodzo wa mileme. Zimadya vanishi. Fundani guwa pakutha pa mapemphero alionse, ndipo tsekani polowera mileme kudenga.
- Vinyo. Pukutani msanga. Koma ku Katolika, ngati watayika ndi vinyo wopatulidwa kale, musakhudze ndi sopo kapena sandipepa. Malangizo a buku la Misa, ndime 280, amati pamalopo patsukidwe ndi madzi, madziwo akathiridwe pamalo ake opatulika m'sakristi. Itanani wansembe.
- Mafuta opatulika a krisima ndi moto wa lubani. Pa mwambo wopatula guwa, episkopi amathira krisima pakati ndi pangodya zinayi n'kupaka pamwamba ponse, kenako pamayatsidwa lubani. Pa mtengo wosapakidwa mafutawa amalowa, ndipo vanishi wodzapakidwa pambuyo sagwira. Choncho kupaka kuthe ndi kuuma mwambo usanafike. Mbale ya makala ikhale pa thailosi kapena pa mwala wafulati. Chizindikiro cha krisima musachione ngati litsiro, ndipo musachipale musanafunse bambo mfumu.

## Chizindikiro 8: Wotsogolera mapemphero akuwerama, kapena malo akuchepa

Ili ndi vuto la muyeso. Guwa lomwe wansembe amaimirirapo limakhala lalitali pafupifupi 95 cm mpaka 100 cm, pomwe tebulo lodyera limakhala cha m'ma 75 cm. Kalipentala wozolowera matebulo a kunyumba amatha kulifupikitsa osadziwa. Lalifupi likwezeni ndi tsinde lamatabwa lolowa m'kati pang'ono kuti zala za kumapazi zipeze malo. M'lifupi pasachepere 75 cm, kuti buku, chikho ndi mbale zikwane. Ku Katolika guwa liyeneranso kutalikirana ndi khoma kuti wansembe athe kulizungulira. Ku CCAP abusa nthawi zina amakhala pansi kuseri kwa gome pa Mgonero, ndiye afunseni iwo ndi akulu ampingo musanadule. Yezaninso chitseko cholowetsera.

## Pomwe muyenera kuima n'kuitana odziwa

- Guwa linapatulidwa ndi episkopi, lili ndi mwala wa guwa, kapena muli zotsalira za oyera. Musaboole, musaphwasule. Malamulo a Mpingo amati guwa likawonongeka kwakukulu limataya kupatulika kwake, choncho kusintha thabwa lonse la pamwamba ndi nkhani ya bambo mfumu ndi dayosizi. Pomanga latsopano funsaninso, popeza ndime 301 ya malangizo a buku la Misa aja imati guwa lokhazikika pamwamba pake pakhale mwala, pokhapokha ngati bungwe la maepiskopi lalola chinthu china cholimba ndi cholemekezeka. Guwa losunthika lingathe kukhala lamatabwa. Ku mipingo ina, nkhani ipite kwa abusa ndi akulu ampingo ntchito isanayambe.
- Pali zosema. Guwa lokhala ndi zithunzi zosema, monga za amisiri a ku KuNgoni ku Mua, malo omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, lisakhudzidwe ndi sandipepa kapena vanishi wonyezimira. Mng'alu wa pa chosema akonze wosema.
- Chiswe chikuchokera pansi pa simenti, kapena ufa wawonekeranso m'mabenchi ndi m'mitengo ya denga. Itanani akatswiri ovomerezeka opopera mankhwala, ndipo muwafunse kuti anthu asalowe masiku angati.
- Pamwamba pali mwala wolemera ndipo miyendo yaola kapena ikuweyeseka. Lekani kugwiritsa ntchito guwalo lero lomwe, litchingireni kuti ana asayandikire, ndipo musayese kunyamula mwalawo opanda anthu okwanira ndi zochirikizira.
- Pakufunika kudutsitsa waya wa magetsi. Waya wa maikolofoni ungadutse m'kati mwa mwendo kapena kuseri kwa mtanda, koma soketi ndi ntchito ya wamagetsi wovomerezeka.
- Mng'alu womwewo watsegukanso mutakonza kawiri. Chifukwa chake sichinapezeke. Pafunika kalipentala wina aone kapangidwe konse.

Poitana mmisiri, mutumizireni zithunzi pa WhatsApp za kunsi kwa guwa, za mapeto a matabwa ndi za pansi pa miyendo, osati za pamwamba pokha. Muuzeni mwezi womwe guwa linapangidwa, mwezi womwe vuto linaonekera, ndi komwe matabwa anagulidwa. Pa guwa latsopano, komiti ndi kalipentala alemberane mtundu wa mtengo, kuti mbali yoyera isalowemo, kuti kunsi kupakidwe mofanana ndi pamwamba, ndi kuti kalipentala adzabwera kudzaona guwalo likadutsa chilimwe chimodzi ndi dzinja limodzi. Ndalama ya ulendo umenewo ikhale m'bajeti kuyambira pachiyambi.